NYALI YOFIIRA YA OYILO IKAYAKA, KODI MLANDU NGWA PAMPU?

Malole ambiri amene asenza katundu wa dziko lino, kaya ndi feteleza wochokera ku doko la Beira kudzera pa Mwanza, kaya ndi katundu wa ku Dar es Salaam wolowera pa Songwe, kaya ndi fodya wopita ku okushoni ku Kanengo ndi ku Limbe, anafika muno atagwira kale ntchito zaka zambiri ku Britain, ku Japan kapena ku South Africa. Injini zawo zayenda makilomita zikwi mazanamazana, ndipo mwa matenda onse a ukalamba amene azigwira, palibe amene asowetsa tulo eni malole koposa kutsika kwa pulesha ya oyilo.

Matendawa ayamba mofatsa. M'mawa injini ili yozizira singano ya geji ikwera bwino ndithu, koma lole ikayenda ola limodzi ndi katundu, dalaivala nakaima pa sikelo kapena pa chipata cha apolisi, aona kuti singano yagwera pansi ndipo nyali yofiira ikuphethira. Akaponda moto pang'ono nyaliyo izima. Tsono mkangano uyambira pamenepo. Dalaivala anenetsa kuti oyilo alimo wokwanira, pakuti anayesa yekha asananyamuke. Mwini lole, amene ali ndi ngongole yoti abweze pakutha pa mwezi, alamula kuti igulidwe pampu yatsopano msanga. Wogulitsa zipangizo naye alangiza kuti athiremo oyilo wolimba. Kawirikawiri pampu igulidwadi, ndalama zipita, ndipo pakapita masiku awiri nyali iyakanso monga kale.

PULESHA ICHOKERA KUTI?

Anthu ambiri, ngakhale ena amene agwira sipanala zaka zochuluka, amayesa kuti pampu ndiyo ipanga pulesha. Zoona zake nzakuti pampu ingotunga oyilo m'sampu, ndiko kunena chibeseni cha kunsi kwa injini, ndi kumukankhira m'tinjira toboolamo m'chitsulo cha injiniyo. Pulesha ibadwa chifukwa chakuti oyiloyo asowa potulukira pokwanira. Mlimi wothirira dimba ndi paipi adziwa bwino chinthu ichi. Akatseka kukamwa kwa paipi ndi chala chachikulu madzi athamanga ndi mphamvu nafika patali, koma akachotsa chala madzi omwewo angogwera pamapazi pake, ngakhale pampu yake sinasinthe konse.

Mu injini chala chimenechi ndicho mabeyaring'i. Kilankishafuti, mtanda wachitsulo umene mapisitoni onse aukankha kuti uzungulire, igona pa tizipande tosalala ta chitsulo chofewa, ndipo pakati pa ziwirizi opanga injini asiya mpata wa pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.1, kapena kupitirirapo pang'ono pa injini zazikulu. Uwu ndi mpata wonga kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Oyilo yense wochokera ku pampu ayenera kudzipanikiza kuti atulukire m'timipata totere, ndipo kupanikizana kumeneku ndiko kumene geji iwerenga. Makilomita akachuluka, fumbi ndi mwaye zidya mabeyaring'i, mipata ikula, ndipo oyilo athawa mosavuta. Masamu a akatswiri aonetsa chinthu chodabwitsa pano: madzimadzi okankhidwa pa mpata wopyapyala sachuluka molingana ndi kukula kwa mpatawo ai, koma mpata ukakula kawiri, othawirapo achuluka kufikira kasanu ndi katatu. Ichi ndicho chifukwa chake injini imene inali bwino chaka chatha iwoneka ngati yakalamba mwadzidzidzi chaka chino.

Mwina wina angafunse kuti oyilo, chinthu chofewa chotere, angathe bwanji kunyamula mtanda umene ukumenyedwa ndi mapisitoni asanu ndi imodzi. Yankho linapezeka mwangozi ku England m'chaka cha 1883. Katswiri wina dzina lake Beauchamp Tower anatumidwa ndi bungwe la Institution of Mechanical Engineers kuti afufuze za kukhulana kwa mabeyaring'i a mawilo a sitima za pamtunda. Iye anaboola kabowo pamwamba pa beyaring'i kuti azithirirapo mafuta, koma shafuti itayamba kuzungulira mafuta anayamba kutulukira pabowopo. Anatsekapo ndi chitsekero cha botolo, chinatuluka. Anakhomerapo kamtengo, nakonso kanakankhidwa pang'onopang'ono mpaka kanatuluka. Atalumikizapo geji, singano inapitirira 200 psi, pamene panali pothera manambala a gejiyo. M'chaka cha 1886 Osborne Reynolds wa ku Manchester analongosola chifukwa chake: shafuti yozungulira ikoka mafuta ndi kuwapanikizira kunsi kwake, kotero kuti iyandama pa mafutawo osakhudza chitsulo.

Nkhani yakaleyi ithandiza kumvetsa ntchito yeniyeni ya pampu. Mphamvu yonyamula kilankishafuti ipangika m'beyaring'i mwenimwenimo, ndipo iposa kutali mphamvu ya pampu. Udindo wa pampu ndi kuonetsetsa kuti oyilo watsopano ndi wozizirapo akufika pa beyaring'i iliyonse mosadukiza, ngakhale yakutali kwambiri. Pulesha ikatsika, oyamba kumanidwa ndiwo akutaliwo: mabeyaring'i a mikono ya mapisitoni, zitsulo za pamwamba zotsegula mavalavu, ndi turbo, imene izungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi. Oyilo akangodukiza kwa masekondi owerengeka pansi pa katundu, chitsulo chikhudza chitsulo chinzake, beyaring'i isungunuka, ndipo kumveka kugogoda kumene amakaniko onse akudziwa. Apo amati injini yanoka.

NAMBALA YOYENERA

Palibe nambala imodzi yoyenera injini zonse, ndipo woweruza ndi buku la wopanga. Chitsanzo chabwino ndi injini ya Cummins ya malita 5.9, ya mtundu wa B, imene inayamba kupangidwa m'chaka cha 1984 ndipo inaikidwa m'malole ambiri, pamodzi ndi a Leyland DAF 45 a ku Britain. Eni ake analemba kuti injini itatentha, pulesha isatsike pa 10 psi pamene ikungolira galimoto itaima, ndiponso isatsike pa 30 psi pamene ikuthamanga ndi liwiro lake lonse. Pa geji yolembedwa m'ma bar, manambalawa ndi 0.7 ndi 2.1, pakuti bar imodzi ilingana ndi 14.5 psi. Motero dalaivala woona singano pa bar imodzi ataima, injini ili yotentha, asafulumire kuopseza bwana wake kuti lole yatha. Injini yotere yakalamba, inde, koma ikadali m'malire ake.

Nyali yofiira ndi nkhani ina. M'magalimoto ambiri kaswitchi koyatsa nyaliyi kanakonzedwa kuti kagwire ntchito pulesha ikatsika kufika pa theka la bar kapena kucheperapo. Choncho nyali siichenjeza kuti vuto likudza, inena kuti vuto lafika kale. Ikayaka lole ili paulendo, chochita ndi chimodzi chokha, kupatukira pambali ndi kuzimitsa injini nthawi yomweyo. Kunena nkosavuta. Dalaivala amene nyali yamuyakira usiku pakati pa chitunda cha Chiweta, ali ndi katundu wa mwini, aopa akuba, aopa kuima pamalo okhota, aopanso mawu a bwana wake pa foni, ndipo mtima umuuza kuti angokankhira mpaka pamwamba. Eni malole ayenera kuvomereza kuti mantha amenewa ndi iwo amawabzala. Mwini amene akalipira dalaivala chifukwa choima panjira adziphunzitsira yekha munthu amene tsiku lina adzamubweretsera injini yoboola chibowo m'nthiti, pamene mtengo wokokera lole ku galaja ukadakhala kachigawo kochepa ka mtengo wa injini ina.

KUFUFUZA KUYAMBIRA PA ZOTSIKA MTENGO

Makaniko wodziwa ntchito sayamba ndi kumasula mabauti. Ayamba ndi kachitsulo koyezera oyilo, lole itaima pamalo osapendekeka ndipo injini itapuma mphindi zingapo. Oyilo akachepa, pampu imeza mpweya pamene lole ikukwera phiri, ikukhota kapena ikumanga mabuleki, ndipo singano ivinavina. Koma kachitsuloko kanena zambiri koposa kuchepa. Oyilo amene akuchuluka yekha popanda wothira ndi chizindikiro choipa, chifukwa china chake chikulowamo. Akanunkha dizilo ndipo akamayenda pa chala ngati madzi, ndiye kuti manozo akudontha kapena pampu ya dizilo ikuchuchira m'kati, ndipo oyilo wosungunuka chotere sangagwire pulesha ngakhale mabeyaring'i akhale atsopano. Akaoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, madzi a mu lediyeta alowamo, mwina kudzera pa gasiketi kapena pa choziziritsira oyilo. Zonsezi zidziwika popanda kulipira tambala.

Chachiwiri ndi kufunsa ngati geji ya pa dashibodi inena zoona. Geji zambiri za masiku ano zilandira uthenga kuchokera ku kachipangizo ka magetsi komangidwa m'nthiti mwa injini, ndipo kachipangizoka kakalamba, waya wake ukhoza kukhudza chitsulo kapena kuchita dzimbiri. Makaniko achotse kachipangizoko, namangepo geji yake yoyendera paipi, yopanda magetsi, imene oyilo mwini aikankha. Galaja imene ifuna kuphwasula injini isanachite zimenezi ikungolosera, ndipo mwini lole ali ndi ufulu wonse wokana.

Kuyesaku kuchitike injini itatentha kwenikweni, osati itangolira mphindi zisanu pabwalo. Oyilo wa 15W-40, amene injini zambiri za dizilo zimwa, akatentha kufika madigiri 100 akhala wamadzimadzi pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa mmene analili pa madigiri 40. Injini yodyeka ibisa matenda ake onse m'mawa. Iwaulula pamene lole yasenza shuga wa ku Nchalo ndipo ikukwera mapiri ochokera ku Chikwawa kulinga ku Blantyre m'mwezi wa Okutobala, pamene kutentha kwa kuchigwa kupitirira madigiri 40. Pa chifukwa chomwechi makaniko aonenso lediyeta ndi choziziritsira oyilo, pakuti injini yotenthetsa itsitsa pulesha ngakhale m'kati mwake muli bwino.

Manambala a gejiyo awerengedwe kawiri kapena katatu, injini ikungolira, ili pakati, ndiponso itapondedwa moto, chifukwa khalidwe la singano ndilo liloza kumene kuli vuto. Pulesha yabwino pozizira, yotsika kwambiri potentha galimoto itaima, koma yokwera akaponda moto, iloza ku mipata yokula, ndiko kudyeka kwa mabeyaring'i. Pulesha yotsika nthawi zonse, pozizira ndi potentha pomwe, iloza ku valavu yopungulira oyilo, ku paipi yotungira, kapena ku pampu. Pulesha imene ikwera bwino koma nkugwa injini ikathamanga kwambiri iloza ku sefa ya m'sampu yotsekeka, pakuti pampu ifuna oyilo wambiri koma pakhosi pake patsekedwa. Ndipo pulesha imene yagwa tsiku limodzi, dzulo lake inali bwino, sikhala ya ukalamba. Ukalamba utsitsa singano pang'onopang'ono pa miyezi yambiri. Kugwa kwadzidzidzi kutanthauza kuti china chathyoka, chamasuka kapena chakanirira.

Valavu yopungulira oyilo iyenera kutchulidwa mwapadera chifukwa yapusitsa anthu ambiri. Ndi kapisitoni kakang'ono kokhala ndi sipuling'i, kamene katseguka pulesha ikakwera kwambiri ndi kubwezera oyilo wina ku sampu. Kachidutswa ka chitsulo kapena ka mwaye kakalowa pamenepo, valavu ikanirira ili yotseguka, ndipo oyilo angozungulira osafika ku mabeyaring'i. Pa injini zambiri valavuyi imasulidwa ndi sipanala imodzi kunja komwe, nitsukidwa m'theka la ola. Pali chizolowezi china choika mawashala kumbuyo kwa sipuling'i kuti ilimbe. Ichi chikweza pulesha ya pamwamba yokha, koma pa injini yotentha imene ikungolira valavuyi ikhala yotseka kale, kotero mawashalawo sathandiza kanthu pa nthawi imene nyali iphethira.

FYULUTA NDIYO MBONI

Fyuluta yakale isatayidwe msanga. Makaniko aidule chitini chake mosamala, osati ndi sowo imene isiya utuchi wake wachitsulo, natambasule pepala la m'kati padzuwa. Tizidutswa tonyezimira ta mtundu wa mkuwa tinena kuti mabeyaring'i adyeka kufikira m'kati, ndipo apo nkhani yatha, injini iyenera kutsegulidwa. Pepala loyera lopanda zitsulo lipatsa chiyembekezo. Nthawi zina fyuluta yomweyo ndiyo ipalamula, makamaka zija zotsika mtengo zosadziwika kumene zinapangidwa, zimene pepala lake lifwanyika ndi kutseka njira. Kuyesa ndi fyuluta yodalirika ndi oyilo watsopano wa mtundu wolembedwa m'buku ndi sitepe yotsiriza sampu isanamasulidwe. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Sampu ikatsika, maso ayambe pa sefa ya paipi yotungira. Pa injini imene inkadumphitsidwa sevesi, sefayi ipezeka yomatidwa ndi matope akuda. Pa injini imene inakonzedwapo kale, kawirikawiri mupezeka nyenyeswa za silikoni, phula lija amakaniko ena amapaka mowolowa manja m'malo mwa gasiketi, limene lifinyikira m'kati, liduka, ndi kukatseka sefa. Paipi yomweyo ikhoza kukhala ndi mng'alu, kapena kalabala ka polumikizira pake kakhoza kuuma, kotero kuti pampu iyamwa mpweya monga munthu womwa ndi bango long'aluka.

Pambuyo pake atsegule mabeyaring'i. Pali kaulusi ka pulasitiki kotchedwa Plastigauge, kamene aika pa shafuti, namanga chivundikiro ndi mphamvu yolembedwa m'buku, namasulanso. Kufutukuka kwa kaulusi kophwanyikako kuonetsa kukula kwa mpata. Njira imeneyi ithetsa mkangano, chifukwa mwini lole aona nambala ndi maso ake naiyerekeza ndi ya m'buku. Ngati mabeyaring'i a kilankishafuti ali bwino, pali malo ena othawira oyilo amene aiwalika: mabushi a kamushafuti, ndi timipopi topopera oyilo kunsi kwa mapisitoni kuti azizire, timene kamodzi kakathyoka kataya oyilo ngati mpopi wosiyidwa wotsegula.

Pampu ibwera kumapeto kwa mndandanda, ndipo pali chifukwa chake. Mwa ziwalo zonse za injini, pampu ndiyo isamba m'oyilo nthawi zonse, choncho siifulumira kutha. Komabe imwa oyilo asanadutse m'fyuluta, ndipo ikapezeka yokalika m'kati, kawirikawiri chinaikala ndi zitsulo zochokera kwina. Kusintha pampu yokha pa injini ya mabeyaring'i odyeka kukhoza kukweza singano pang'ono kwa kanthawi, koma dzenje lothawira oyilo likhala lilipobe ndipo likulirakulira.

Mtengo wa ntchito udalira pa nthawi imene lole yafika ku galaja. Ikafika kilankishafuti ikadali yosalala ndi yosadyeka, pa injini zambiri mabeyaring'i atsopano alowetsedwa kuchokera kunsi, injini ili m'malo mwake. Ikafika shafuti itakalika, iyenera kutuluka ndi kupita kwa a makina kuti akaisepe, kawirikawiri ndi mamilimita 0.25 kapena 0.50, ndi kugula mabeyaring'i onenepa molingana ndi muyeso umenewo. Pamenepo nkoyenera kusinthanso pampu, popeza injini ili kale yotsegula. Tinjira tonse ta oyilo titsukidwe, ndipo choziziritsira oyilo chitsukidwe bwino lomwe kapena chisinthidwe, pakuti chisunga zitsulo zakale m'makona ake ndi kuzibwezera pa mabeyaring'i atsopano sabata yoyamba.

OYILO WOLIMBA NDI MALONDA A MALOLE

Nanga za oyilo wolimba? Nzoona kuti kuchoka pa 15W-40 kupita pa oyilo wothera ndi nambala 50 kukweza singano, chifukwa oyilo wolimba athawa mochedwa pa mipata yokula. Kwa mwini amene adziwa kale kuti injini yake yadyeka pang'ono, ndipo afuna kumaliza nyengo ya fodya asanaitsegule, njirayi ikhoza kumugulira miyezi ingapo, malinga buku la wopanga lilola oyilo wotero. Koma chitsulo chimene chinadyeka sichibwerera. Ndipo mankhwala aja onanda ngati uchi ogulitsidwa m'mabotolo achedwetsa oyilo kufika pamwamba pa injini ndi pa turbo m'mawa wa mwezi wa Juni, nthawi yomwe kudyeka kwambiri kuchitika.

Amene apindula kwenikweni ndi uchi umenewu ndi ogulitsa malole okalamba osaona mtima. Munthu wofuna kugula lole, amene mwina waikapo ndalama zake zonse za penshoni, asakhutire ndi kumva injini ikulira pabwalo m'mawa. Apite ndi makaniko wake ndi geji yake, ayendetse loleyo kufikira itatentha, makamaka ili ndi katundu, ndipo awerenge singano ataima. Ayang'ane ngati oyilo wa pa kachitsulo koyezera akunanda modabwitsa. Ndipo asanalize injini atembenuze kiyi pang'ono ndi kuyang'ana pa dashibodi, pakuti nthawi imeneyo pulesha palibe ndipo nyali yofiira iyenera kuyaka. Ikapanda kuyaka, mwina babu lapsa, mwinanso pali munthu amene anachotsa waya wake.